Dzanja lamanzere la amayi

LACHIWIRI

Chitsiriza 10:14
alamu ndaimba kawiri amayi sakuyankha. agona?

Mlamu 10:31
ayi ali ku holo, achimwene anu awasiya popita ku ntchito

Chitsiriza 10:31
holo itinso??

Mlamu 10:34
ya kuseri kwa library, kumene gulu lawo limasokera. ka grant kaja anapempha asanadwale katuluka. bungwe lawagulira makina awiri, ulusi ndi thonje loika mkati. akusoka zofunda za zigamba

Chitsiriza 10:35
munthu wa stroke alamu. dzanja lamanja silikugwira, asoka ndi chani

Mlamu 10:37
sakusoka, akulamula kkkk
amakhala kumutu kwa tebulo nkumayala tizigamba ndi lamanzere, anzawo amangolumikiza. wina akaphonya mtundu amamuphwasulitsa mzere wonse

Mlamu 10:40
📷 chithunzi

Chitsiriza 10:52
iii
achita kuyala okha zimenezi? blue akuchita kutsetsereka mpaka kusanduka green osaona pomwe wasinthira

Chitsiriza 10:53
dikirani. ka check ako si uniform yanga ya ku primary??

Mlamu 10:55
yomweyo. pakona apo ndi shati ya malemu abambo. yachikasuyo ndi katani yanga ya pabalaza, ndinangopeza windo lili mbee

Chitsiriza 10:56
kkkkk pepani. ndiye azigulitsa?

Mlamu 11:02
ayi zikupita ku ward yomwe anagona ija. akuti mayi wa bedi loyandikana nawo ankafunda kansalu kamodzi, mano ali gwedegwede mpaka kucha. amayi atapeza mawu chinthu choyamba kunena chinali chimenecho

Chitsiriza 11:03
ok. koma asamatope pliz

LACHISANU

Mlamu 14:20
alamu musadzidzimuke. amayi agwa ku holo koma ali bho, angosupuka chigongono

Chitsiriza 14:21
📞 missed call

Chitsiriza 14:21
📞 missed call

Chitsiriza 14:22
yankhani foni

Mlamu 14:40
sorry ndinali nawo ku clinic, awamanga bandeji. anaimirira opanda ndodo kuti atembenuze chigamba china chomwe chinali chozondoka

Chitsiriza 14:41
chigamba!! akanamenyetsa mutu bwenzi mukundiuza chani?
ndikubwera lamulungu kudzawatenga. chipinda kuno chilipo, physio ali pafupi. muwalongedzere zovala

Mlamu 14:49
ndakumvani, ndi mayi anu. koma ndinene zomwe ndaona ine

Mlamu 14:53
🎤 0:47
alamu, atatuluka m'chipatala ankangokhala pampando kuyang'ana khoma. chakudya ndinkabweza mbale momwe ndaperekera. pano amadzuka ine ndisanadzuke, amavala okha, mabatani ndi dzanja limodzi, ndikati ndithandize amandimenya pamkono. ku holo kuja kuli atsikana awiri sankadziwa ndi kulowetsa ulusi komwe, lero akuyendetsa makina. amayi akamawakalipira mawu amatuluka onse bwinobwino, lilime silizemba

Mlamu 15:30
mwamvera?

Mlamu 18:05
alamu

LOWERUKA

Amayi 07:12
iwe

Amayi 07:19
ndime mayi ako ndikulrmba ndi lamanzre

Amayi 07:26
🎤 1:05
zala zatopa, ndingolankhula. ukamva ndikukoka mawu usathamange, ndifika. kugwa ndagwa inde. kunyumba kunonso ndinagwapo kubafa, kungoti ndinawaletsa kukuuza. ndiye ngati nkugwa, bola ndigwere pamene pali anthu ndi ntchito. mlamu wako usamukalipire, amandisamala kuposa momwe ndimamuyamikira, katani yake ndinamulanda sanadandaule. bwera ndithu lamulungu. lolemba tikukapereka zofunda, udzandigwire mkono pa masitepe. zonditengazo tikakamba tikabwerako

Chitsiriza 08:40
mwandiopsa amayi

Amayi 08:58
ndkudziwa mwanamga

LOLEMBA

Mlamu 11:05
zikuyenda? abwana andikaniza kuchoka, ndiuzeni zonse

Chitsiriza 11:48
tili mu ward. gulu lonse labwera, ndi mayi wina wa ku bungwe lija. amafuna chofunda chachikulu cha pachithunzi chija akachikoleke ku office kwawo anthu azikaona

Mlamu 11:49
ndiye??

Chitsiriza 11:51
amayi amuuza kuti mwanawe jambula chithunzi ukakoleke, khoma silimva kuzizira. waseka mpaka kupukuta misozi, akuti chaka chamawa apemphenso

Mlamu 11:52
kkkkk ndi iwowo

Chitsiriza 12:20
alamu

Chitsiriza 12:24
pabedi lakumapeto pali mayi wamng'ono, msinkhu wanga. stroke ya sabata yatha. sakulankhula, anatembenukira kukhoma, mwamuna wake wangoima ndi flask osadziwa chochita

Chitsiriza 12:27
amayi apita okha ndi ndodo. ndati ndiwanyamulire chofunda akana, achikoleka paphewa. amufunditsa ndi dzanja limodzi, kona ndi kona, pang'onopang'ono

Chitsiriza 12:31
kenako anyamula dzanja lawo lakufalo ndi linzake, aliika pabedi pafupi ndi lake. akuti taona, langanso ndi ili, koma ndabwera ndi miyendo yanga. ukatuluka utipeze ku holo, pali mpando

Chitsiriza 12:32
watembenuka alamu. akuwayang'ana

Mlamu 12:33
😭

Chitsiriza 12:40
ndatuluka kaye panja, ndikulira ngati mwana pa corridor

Mlamu 12:41
lirani, ine ndili ku toilet ya ku office ndikupanga zomwezo

Chitsiriza 13:15
za lachisanu zija mundikhululukire, ndinalankhula ndi mantha

Mlamu 13:16
zinatha kale zimenezo

Chitsiriza 13:22
zovala zawo musalongedze. mawa ndikwera ndekha

Mlamu 13:23
ndinali ndisanayambe nkomwe