Sutikesi ya a Fryson

Lamulungu, 13 Okutobala 2024

Ku Woodbridge, Virginia, kukapepesa a Martha. Thupi la amuna awo, a Fryson, linapita kumudzi sabata yatha. Nyumba zii. Potsanzika andipatsa sutikesi ya malemu yokhoma ndi loko, ati ndikatule kwa achimwene awo a malemuwo, a Chama, ku Bowie, kuno ku Maryland, poti ine wa ku Laurel ndili pafupi. Kiyi mu envelopu yomata. Otsegula ndi akuchimuna basi.

Italowa kale mu buti ndiye akuti, "Ndi mfuti yawo ili momwemo, Enelesi. Sindifuna kuionanso."

Namfedwa ungamukanire? Ndangoti chabwino amayi.

Pobwera ndadzera mu DC kukasiya mnzanga Rejoice, amene tinapita limodzi, ku Columbia Heights. Iye nkhani za maliro, ine maganizo onse ku buti. Galimoto ya polisi pambuyo pathu pa maloboti. Yakhota. Ndapitiriza ulendo.

A Chama ali pa ulendo wa ntchito mpaka Loweruka.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndafunsa Mulenga, mnzanga wa ku Lusaka amene timasamalira naye okalamba. Ndati ndi nkhani ya munthu wina. Wandiyang'ana. "Iwe, ni iwe? Ku Virginia mfuti ni monga foni. Kuno ku Maryland ni jele. Ku DC osakamba." Akuti apolisi akaipeza, ntchito yatha, mapepala okhalira m'dziko muno atha.

Wafunsa ngati muli zipolopolo. Sindidziwa. Akuti tsegula uone. Ine, wosakhala m'bale, kutsegula katundu wa malemu? Pakadzasowa kanthu adzaloza ndani?

Msewu ndi womwewo, pakati pa Virginia ndi kuno pali mlatho umodzi wokha. Kodi lamulo limasinthira pati, pamadzi?

Lachitatu, 16 Okutobala

Sutikesi idakali mu buti. M'nyumba ayi, mwana wanga Atikonda amagwira chilichonse, ndipo loko ndi kakang'ono. Kuntchito ndayenda pang'onopang'ono, anthu mahutala. Pa hampu paliponse ndikumva ngati iphulika.

Madzulo aneba akuti nyali yanga yakumbuyo yafa, apolisi amaimitsira zimenezo. Ndathokoza. Ndalowa m'nyumba.

Lachinayi, 17 Okutobala

Galimoto ndaisiya, ndakwera basi. Kuchedwa. Abwana andichenjeza. Tsiku lonse maganizo pa malo oimika: nanga akuba akaswa galasi? Nanga akaikoka?

Ndaimbira a Chama. Ndisanamalize, "Za maliro sitikamba pa foni, mlongo. Loweruka."

Pomwetsa agogo anga a kuntchito supu, maganizo onse ku galimoto. Akuti ndikagone.

Loweruka, 19 Okutobala

Nyali sinakonzedwe. Ku galaja akanatsegula buti. Njira yonse ya ku Bowie ndimaimba nyimbo ya m'buku, ndime imodzi yomweyo.

Abale anadzaza pabalaza, amuna pamipando, ife amayi pansi. Pemphero. A Chama anang'amba envelopu. Masuti, nsapato, Baibulo, jekete ya ulonda. Pansi penipeni thaulo lokulunga. Atafunyulula, mfuti ija poyera, aliyense anabweza miyendo.

Zovala anagawana bwinobwino. Kenaka a Chama anakulunganso thaulo, nalikankhira kwa ine ndi nsonga za zala. "Iyi ayi. Mapepala anga ali m'njira. Inu munabwera nayo, njira mukuidziwa. Mukabweze kwa mlamu."

Onse maso pa ine. Wina anati, "Zikomo mayi, mwatithandiza." Ndinamva manja anga akutambasuka okha, monga tinaphunzirira kulandira kwa akulu.

Manjawo ndinawabweza. Ndinati, "Ayi bambo. Nanenso ndili ndi mwana." Mawu anatuluka aang'ono, koma anamveka. Thaulo ndinalisiya pomwepo, ndinadzuka, nsapato m'manja, osadya, osatsanzika.

Pobwerera wapolisi anandiimitsadi. Nyali. Anandipatsa kapepala koti ndikakonzetse, ine ndikulira, iye akufunsa ngati ndili bwino.

Foni siikuleka. A Chama. Amayi abusa. Tsopano a Martha. Anthu amenewa ndi amene adzanyamule bokosi langa kuno. Mawa ku tchalitchi kaya ndikakhala pafupi ndi ndani.

Ikuliranso. Sindiyankha. Kapena ndiyankhe?