Alamu Anu ndi Abakha Awo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Bondo lija likuti bwanji? Amayi anandiuza pa foni kuti mwayambanso kuyenda popanda ndodo, ndinasangalala kwambiri. Ife kuno tilipo. Chisanu chatha, mitengo yayamba kuphukira, majekete olemera tapachika. Aliyense mumsewu akumwetulira kupatula ine, ndipo chifukwa chake ndi alamu anu.

Mukuwadziwa bambo a mapasa. Kale akaweruka ku ntchito yawo yoyendetsa galimoto ya katundu ankangodya n'kugona pa sofa nsapato zili kuphazi. Ndinkadandaula, osadziwa kuti ndinali pabwino. Chaka chatha anapalana ubwenzi ndi mkulu wina wopuma pa ntchito amene amakhala m'nyumba yapansi pathu. Ife timangoti Achipewa, poti mutu wawo sitinauonepo. Achipewawo ali ndi gulu lawo lopita ku damu la kumapeto kwa tauni kukayang'ana mbalame. Osati kukasaka, achemwali. Kuyang'ana basi. Anthu akuluakulu a ndevu zawo kuima chilili m'matope, kunong'onezana ngati ali pa maliro, kenako n'kubwerera kwawo chimanjamanja.

Alamu anu alowerera. Anagula magalasi oonera patali, ndipo pa tebulo sitidyanso mwamtendere. Akuti kuli abakha awiri ofanana, onse mutu wakuda, m'nthiti moyera, koma wina ali ndi katsumba kunkhongo ndi msana wakuda, mnzakeyo alibe tsumba ndipo msana wake ndi wotuwa. Akuti aakazi ndiye ovuta, uyenera kuona kukula kwa kachigamba koyera pafupi ndi mlomo. Ndinawafunsa ngati nyama yake imasiyananso kakomedwe. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Za abakha zisanathe, anamzeze afika. Uyu mchira wautali wa mphanda ndi pakhosi pofiira, uyu mchira waufupi ndi chigamba choyera kumbuyo, winayu wofiirira ngati dothi, ali ndi lamba pachifuwa. Tikamachokera kogula zinthu, majumbo onse amakhala m'manja mwanga, iwo khosi lili gada kumwamba, kundiuza kuti ndione msanga wadutsa uja.

Zonsezi ndikanapirira. Koma imvani za sabata yatha.

Mwa mapasa athu aja, Kadontho dzino linamubowoka, ndipo malo kwa dokotala wa mano kuno sapezeka msanga, tinadikira mpaka kutopa. Tsiku litakwana ine ndinali pa ntchito ku hotela kumene ndimachapa ndi kusita, iwo anali pa tchuthi. Ntchito yawo inali imodzi, kukamutenga mwana kusukulu n'kupita naye kwa dokotala. M'mawa womwewo Achipewa anaimba foni kuti bakha wopanda tsumba uja, amene saonekaoneka, watera pa damu. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Alamu anu anathamangira kusukulu, anakodola mwana amene anali pafupi ndi chitseko, ulendo. Anatenga Kachete m'malo mwa Kadontho. Mtsikanayo mukumudziwa. Ataona kuti lero akwera galimoto yekha ndi bambo ake, anangotseka pakamwa.

Dokotala anayang'ana m'kamwa monse osapeza dzino lobowoka. Munthu wa nzeru zake akanadabwa. Alamu anu anathokoza Mulungu kuti dzino lapola lokha, n'kunyamula mwana kupita naye ku damu.

Masana aphunzitsi anandiimbira kuti Kadontho tsaya latupa, thupi latentha, akungolira, ndipo foni ya bambo ake ndi yozimitsa. Anazimitsa kuti ingaopseze abakha. Ndinasiya nsalu zili m'makina, akapitawo akundikuwira kuti ndikadzachokanso pakati pa ntchito ndisadzabwererenso. Kuchipatala anati m'kati muli mafinya, anatipatsa mankhwala, dzino adzazula kutupa kukaphwa. Musade nkhawa, panopa akupezako bwino ndipo wayamba kudya zofewa.

Titafika kunyumba tinawapeza bambo akumwetulira mpaka m'makutu, Kachete ali matope mpaka m'mawondo. Anayamba kundifotokozera kuti bakha amuona, msana wotuwa ndithu, tsumba alibe. Kenako anaona mwana amene ndinamubereka kumbuyo, tsaya ngati wabisa dzira m'kamwa. Anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, n'kundifunsa kuti nanga winayunso dzino lamuyamba liti.

Sindinakuwe, achemwali, mphamvu zake ndinalibe. Ndinangowakumbutsa kuti mwanayu ali ndi kadontho kuseri kwa khutu chibadwire, ndipo dzina limeneli anamupatsa ndi iwo omwe tili m'chipatala. Anayankha kuti vuto la ana ndi loti sakhazikika malo amodzi. Ngati namzeze amakhala pa mpando kudikira kuti amuwerenge nthenga! Munthu amene amaona kachigamba pa mlomo wa bakha ali kutsidya kwa damu, mwana wake ali pampando wa pambali pake m'galimoto osamudziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Mukapeza mpata mukawaone apongozi anga, mukawafotokozere nkhaniyi monga ndalembera, osachotsapo kanthu. Alamu anu ine akandimva amati ndi nsanje, ngati ndingachitire nsanje bakha. Amayi awo okha ndi amene amawaopa. Awaimbire foni, awauze kuti ntchito yanga ikatha chifukwa cha masewera awowa, lendi akalipira Achipewa.

Musaganize kuti alamu anu sanachitepo kanthu. Mawa lake anabwera ndi nzeru, akuti anakambirana ndi anzawo a ku damu. Mbalame amazimanga timphete ta mitundumitundu m'miyendo kuti azizizindikira, ndiye iwo anagula zibangili ziwiri, chofiira cha Kadontho, chobiriwira cha Kachete. Anawaveka okha, akunyadira ngati atulukira mankhwala a imfa. Atsikanawo analowa kubafa, anasinthana. Kuyambira tsiku limenelo bambo akuitana ana awo mokweza, molimba mtima, dzina lililonse pa mwana wolakwika, ndipo onse awiri akuvomera mwaulemu. Mankhwala ndimamwetsa ndekha. Za zibangilizo sindinawauze, ndikufuna ndione kuti adzazindikira chaka chiti.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti nsalu yawo ndinagula, ikudikira wobwera. Moni kwa alamu kumeneko, amene ndawayamba kuwalemekeza kwambiri masiku ano, kwa azakhali, kwa malume ndi ana onse. Mapasa akuti akusowani.

Mutsale bwino, achemwali.

Ine mng'ono wanu,
Make mapasa