Ulusi Wodutsa Pansi pa Chitseko

Okondedwa bambo a Kanyerere,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo msana uja wasiya kukuvutani. Ine ndilipo. Mwana wathu akudya bwino, ndipo pakamwa pokha sipadwala.

Lachiwiri tinakajambulitsa mutu wake kuti madokotala adziwe malo enieni owotcha chotupa chija. Anandiuza kuti mmene agonere pojambula ndi mmene azidzagonera masiku onse makumi atatu, osasuntha ngakhale pang'ono. Ndinangogwira pakamwa. Mwana amene tinamutcha Kanyerere chifukwa chosakhala pansi, agone duu mphindi makumi awiri?

Anati akalephera azimugoneka ndi mankhwala tsiku lililonse, koma mzere wake ndi wa masabata asanu. Chotupa sichidikira mzere.

Mayi wojambulayo Mulungu amudalitse, sindidziwa ndimuthokoze bwanji. Anaviika pulasitiki ya timabowo m'madzi ofunda n'kuyamba kuumba chigoba pankhope ya chidole chija chopanda mkono. Kanyerere anaseka, ati chidole chakodwa mu ukonde, kenako anafuna chake. Anamuumbira, namuikira kapilo kolimba pansi pa khosi ndi kena pansi pa mawondo. Koma chigoba chitamangiriridwa kubedi, atamva kuti ine ndituluke, analira mokuwa.

Mayi uja sanakalipe. Anamumasula, natulutsa ulusi wautali wolukira majuzi. Nsonga ina anamumanga kuchala, ina anaidutsa pansi pa chitseko. Anamuuza kuti akakoka ndi chala chokha, amene ali panja ayankha.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Mwana atafunsa kuti panjapo agwira ndani, ndinati atate ake afika, kungoti saloledwa kulowa. Atamva zimenezo, anagona yekha. Anakoka katatu, monga mumamukokera khutu mukaweruka kuntchito. Ndinayankha katatu, misozi ili mbwembwembwe. Zithunzi zinatuluka bwino ulendo umodzi wokha.

Potuluka ndinamunamizanso kuti mwathamangira basi. Mayi uja ananditengera pambali n'kundiuza mofatsa kuti mwana akagwira bodza m'chipinda chimenecho, sadzagonamonso mwa kufuna kwake. Manyazi anandigwira, komabe ndinamuthokoza chifukwa sanandiyalutse pamaso pa mwana.

Kuwotcha kuyamba Lolemba, pakatha masabata awiri. Ndikudziwa kuti abwana anu kupereka tchuthi amakuona ngati kuzula dzino, koma agwadireni. Kanyerere wanena kale kuti tsiku limenelo, asanakwere pabedi, asuzumira pansi pa chitseko kuti aone nsapato zanu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana awo. Mulungu akusungeni, akufikitseni bwino. Pobwera muvale zofiirira zija zakutha chidendene. Ndi zimene akuzidziwa.

Ndine mkazi wanu,
Mayi a Kanyerere