Musasaine Kaye za Nthanda

Sheffield
20 Meyi 2007

Okondedwa achimwene a Rodrick,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Nanga Amayi, miyendo ija ikuwalola kufika kutchalitchi? Ulendo watha pafoni mawu awo ankamveka otopa, ngakhale eni ake ankakana. Ife kuno tili bwino. Bambo a Sean anadwalako chimfine koma achira, abwerera kuntchito. Kunja kwayamba kufunda, ndipo dzuwa likumalowa mochedwa moti ana akumakana kukagona, ati kukadali masana.

Kuchipatala kwathu atisinthiranso mashifiti, ndiye m'mawa ndikumathamangira basi yoyamba, mtunda wa kwathu uja ndikuutsika ngati mtsikana. A Lucius a ku Bradford, aja munaphunzira nawo ku Chanco, akazi awo achira, mwana wamkazi. Anati ndikupatseni moni.

Ndasankha kulemba m'malo moimba chifukwa makadi oimbira foniwa amatha nkhani ili pakati, komanso ine ndikamva mawu anu ndimangovomera zilizonse ngati mmene ndinkachitira ndili mwana. Munandifunsa maganizo anga pa za Nthanda, mwana wa malemu Tereza wathu, ngati tivomere kuti banja la azungu lija limutenge akakhale mwana wawo kunja. Ndinakuyankhani kuti inu ndinu malume ake, mwini mbumba, chimene mwaona n'chomwecho. Mawu amenewo ndikufuna ndiwabwezeko pang'ono. Muwerenge kaye mpaka kumapeto musanakhumudwe nane.

Sabata yathayi ndinali ku Denmark, holide ya masiku ochepa chabe. Mwina mukumukumbukira Lene, mnzanga amene ndinkakhala naye nyumba imodzi pamene ndinkaphunzira payunivesite kuno, uja waima pambali panga pachithunzi cha galajuweshoni, amene Amayi anati ndi Mtchaina. Si Mtchaina ayi. Anabadwira ku Korea, koma anatengedwa ali wakhanda ndi banja la ku Denmark, ndipo ndi kumene anakulira. Chichokereni kuno wakhala akundiitana chaka ndi chaka, ine n'kumazengereza chifukwa cha mavuto a viza. Chaka chino bambo a Sean anati ndipite, ana akhala nawo. Musaganize kuti ndinapitira nkhani ya Nthanda. Tikiti ndinagula inu musanaimbe n'komwe.

Anandichingamira pabwalo la ndege ali ndi kamwana kake kakakazi. Tinasekana, tonse tanenepa, tonse imvi zayamba. M'mawa mwake ananditengera kwa makolo ake amene anamulera aja. Ndi anthu okalamba, ofatsa. Bambowo ankayendetsa basi, mayiwo anali mphunzitsi wa kupulayimale. Makoma onse ndi zithunzi za Lene, ali kusukulu, ali panjinga, ali paukwati wake. Iye atangotsokomola kamodzi, bambowo anadzuka kukatseka windo, chikhalirecho ndi mayi wamkulu wa pabanja pake. Ndikulemba zimenezi chifukwa sindikufuna kukubisirani mbali ina. Mwana ameneyu anakondedwa, sanagonepo ndi njala, sukulu anaphunzira mpaka pamene anafunira. Ndili m'nyumba imeneyo ndinkati mumtima, basi, Nthanda apite.

Loweruka anandipempha kuti ndimuperekeze kumene amakumana ndi anzake mwezi uliwonse. Ndi kaholo kobwereka kuseri kwa laibulale. Nditalowa ndinaima kaye pakhomo. Munadzaza anthu amsinkhu wathu, onse nkhope za ku Korea, onse akuyankhula Chidenishi, mayina awo achizungu. Aliyense anafika m'dzikomo ali mwana, wina wa miyezi, wina atayamba kale kuyenda. Munali madokotala, akalipentala, wina wapolisi. Wakuda ndinali ndekha koma palibe anandiyang'ana kawiri. Mayi wina anandiuza akuseka kuti iwo anakula akuyang'anidwa m'basi ndi m'sitolo mpaka anatopa nazo, ndiye sangachitire mnzawo zomwezo.

Ankaphika zakudya za kumene anabadwira, zimene anachita kuphunzira m'mabuku, makamaka kabichi wowawasa wa tsabola wambiri amene amati kimchi. Anatsutsana kwa nthawi ngati wakoma mmene amayenera kukomera, koma wogamula panalibe, poti palibe amene anadyapo wokonza mayi ake. Kenako kunabwera mphunzitsi wa chiyankhulo, mayi wobadwira ndi kukulira ku Korea komweko. Bambo wina wadazi, wamkulu kuposa inu, anagwira pensulo n'kumabwereza mawu oti amayi ngati mwana wa sitandade wani, lilime likukana. Anzake ankamuseka, iyenso akuseka. Ine kuseka kunandikanika, ndinapita kukathandiza kutsuka mbale.

Si onse odandaula ayi. Kotsuka mbaleko ndinacheza ndi bambo wina dzina lake Jesper, amene anandiuza mosapsatira kuti iye safuna kufufuza aliyense. Akuti makolo ake ndi amene anamusintha matewera, ena onsewo ndi anthu achilendo, ndipo kuholoko amangobwerera chakudya. Ndinamukhulupirira. Koma tikupukuta mapoto anandifunsa ngati ndinafanana ndi amayi kapena abambo anga. Nditamuuza kuti mphuno ndi ya Amayi koma mayendedwe ndi a malemu Bambo, anangoti zimenezo ziyenera kuti zimasangalatsa kuzidziwa, n'kusintha nkhani.

Lamlungu masana tinakhala pabenchi kupaki, mwana akusewera pakatungwe, ndipo Lene anandiuza zimene sanandilemberepo. Chaka chatha anapita ku Korea ndipo anawapeza amayi ake omubereka. Moyo wake wonse ankadziwa kuti anachita kutoledwa, makolo osadziwika. Si mmene zinalili. Bambo ake anamwalira iye ali ndi miyezi yochepa, amayi ake anadwala n'kugonekedwa kuchipatala, ndipo mchimwene wawo wamkulu, malume ake a Lene, ataona kuti pakhomo palibe chakudya, anamunyamula mwanayo n'kukamupereka. Mayiwo potuluka m'chipatala anapeza mwana kulibe, ndege inapita kale.

Akuti anakumana m'kachipinda, pakati pawo pali womasulira. Mayiwo ankayankhula nthawi yaitali, mofulumira, akulira, womasulira n'kungoti akuti pepa. Lene ankaona kuti anena zambiri kuposa pamenepo, koma zonse zinathera m'kamwa mwa munthu wachitatu. Pamapeto mayiwo anasiya kuyankhula, anamuvula Lene nsapato n'kumamusisita mapazi. Mpaka lero amaimbirana foni. Wina amatchula dzina la mnzake, winayo n'kuyankha, kenako amangomverana kupuma.

Malumewo anawaonanso, nkhalamba yoyendera ndodo. Sanathe kumuyang'ana kumaso. Anangofunsa ngati kumene anapitako ankadya mokhuta. Lene anati eya. Iwo anagwedeza mutu nati ndiye kuti sanalakwe, koma misozi ikutsika. Lene akuti sawada, anali munthu woopa kuti mwana afera m'manja mwake. Chimene chimamupweteka n'choti panali munthu amene ankamufuna ndi mtima wonse, ndipo munthuyo sanafunsidwe.

Apa ndi pamene ndinamuuza za Nthanda. Ndinati ali ndi zaka zitatu, mayi ake anamwalira, bambo ake analowera ku Joni ndipo sakumveka, agogo ake akalamba, achimwene anga nyumba yawo inadzaza kale, ndipo pali banja labwino likumufuna. Ndinamufunsa kuti akanakhala iye akanatani. Anayang'ana mwana wake. Kenako anati sangandiuze kuti ayi, chifukwa kutero n'kukana makolo ake aja ndi mwana amene ankasewerayo, komanso sangandiuze kuti eya. Anangondifunsa ngati pa abale onse a mwanayo, a kuchikazi ndi a kuchimuna, palibedi ngakhale mmodzi amene akumufuna. Anati sakufunsa za amene angakwanitse, akufunsa za amene akumufuna. Akuti Nthanda akadzakula funso lake lidzakhala lomwelo, ndipo adzabwera kudzalifunsa kwa malume ake, mwina ali ndi womasulira.

Achimwene, pomwepo ndinakumbukira a Fanny a ku Balaka, azakhali ake a Nthanda, mlongo wa bambo ake. Tsiku losesa pamaliro a Tereza anagwada pamaso panu ndi pa Amayi kupempha kuti amutenge mwanayo, poti iwo Mulungu sanawapatse wawo. Tinawakaniza. Tinati mwana ndi wa mbumba yathu, sangakakulire kuchimuna, komanso tonse tinali ndi mkwiyo ndi mchimwene wawo chifukwa cha mmene anamusiyira Tereza akudwala. Anadzuka, anamupsompsona mwanayo pamutu n'kukakwera minibasi. Chichokereni palibe wa ife anawaganizirapo, ngakhale ndinamva kwa alamu kuti pa Khrisimasi anatumiza kadiresi. Tsono ndikudzifunsa, ngati ku Balaka tinati n'kutali, kumene munthu akhoza kupita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo, nanga kumene akufuna kupita naye azunguwa n'kufupi?

Sindikukuimbani mlandu. Katundu yense ali pamutu panu, ine ndili kuno ndimangoimba foni. Mu Febuluwale pamene Nthanda anakomoka ndi malungo, amene munathamanga naye panjinga kupita kuchipatala ndinu, ine ndinangomva zitatha. Mantha amene munali nawo tsiku limenelo sindingawayeze, ndipo ndikudziwa kuti ndi amene akukukankhani, si kuti mwatopa naye mwanayo.

Zomutengera kuno ndinafunsako. Mapepala ake ndi ovuta, akhoza kutenga zaka. Ndipo ngakhale zitatheka, ndimaona ana anga omwewa. Sean ndi Michelle Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku lina Michelle anandifunsa ngati agogo ake amadziwadi kuti iye ndi wawo, poti pafoni amangoseka osamumva. Zinandiwawa, chonsecho iwowa ali ndi mayi ndi bambo owauza kwawo, ndipo kumudziko anapondako. Nthanda akapita kumene akumufunako sadzakhala ndi womuuza kuti kaseka kake ndi ka Tereza.

Pobwerera, m'sitima yochokera ku Manchester, ndinaganiza zonsezi mpaka kutsala pang'ono kupitirira potsikira. Nditafika ndinawafotokozera bambo a Sean, ndipo zimene ndikulemba m'munsimu tagwirizana tonse awiri.

Pempho langa ndi limodzi. Musasaine kaye pepala lililonse mpaka mutapita kwa a Fanny kukawafunsa ngati mtima uja akadali nawo. Mupite nokha, osatuma munthu, ndipo Nthanda mumutenge akamuone. Ndikudziwa kuti n'zovuta mwini mbumba kukagogoda pakhomo pamene tinakana, koma inu amakulemekezani. Akavomera, zosowa za mwanayo zikhale pa ife kuno, ndipo nthawi ya tchuthi azibwera kwa Amayi. Akakana, kapena mukaona ndi maso anu kuti pakhomo pawo si poti mwana angakhale, ndiye tidzakhale pansi mu Ogasiti ndikabwera, tidzaone pamodzi. Mwina adzapitabe kwa azunguwo, ndipo mwina adzakhala bwino ngati Lene. Koma adzapite titagogoda khomo lililonse, kuti akadzabwera kudzafunsa, inu mudzathe kumuyang'ana kumaso. Azunguwo ngati ndi anthu abwino monga mukunenera, miyezi itatu adikira.

Kalatayi muwawerengere Amayi pang'onopang'ono, osadumpha za a Fanny. Mwina akwiya nane, koma akakwiya muwauze andiimbire fulashi, ndiwaimbira ineyo.

Moni kwa Amayi, muwauze apitirize kumwa mankhwala ngakhale akumva bwino. Moni kwa alamu, amene ndikudziwa kuti ndi amene amamusambitsa ndi kumugoneka mwanayo tsiku ndi tsiku, ndipo sindinawathokozepo mokwanira. Moni kwa ana anu onse, kwa amayi aang'ono a ku Domasi ndi kwa asuweni athu. Bambo a Sean akuti moni kwa alamu awo, Sean ndi Michelle akuti moni kwa amalume.

Nthanda mumunyamule m'malo mwanga. Akafunsa kuti walemba kalatayi ndani, musamuuze kuti ndi anti a ku UK. Mumuuze kuti ndi amayi ake aakulu, ndipo akubwera.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Edwina