Masiku Makumi Anayi Osakonza Munthu

Lachitatu, 5 Malichi

Phulusa lili pamphumi. Ena asiya shuga, ena nyama. Ine pa Lenti uyu ndasiya kukonza anthu akalakwitsa polankhula. Temwani, mnzanga wa kumphakati, waseka mpaka kutsamira khoma la tchalitchi. "Imwe aphunzitsi? Zaka sate mukugwila bolopeni yofiila? Simufika Sondo!"

Chifukwa chenicheni ndilemba muno mokha. Pamaliro a amama, mng'ono wanga Olipa anauza anthu kuti amama anatsirizika ali m'manja mwake. Ine ndinayankha, onse akumva: "Ayi, unafika patapita mphindi makumi awiri." Zinali zoona. Chiyambire tsikulo sanandilankhulepo.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndafika Sondo! Akatekisiti ati kuchokera pa Phulusa mpaka Pasaka ndi masiku 40. Ndi 46, kungoti masiku a Lamulungu sawerengedwa. Ndaluma lilime, ndayimba nyimbo mokweza kuposa kwaya.

Lachinayi, 13 Malichi

T. akundiyesa dala. Pamsika, pakati pa anthu: "Mleme ni mbalame, ayi aphunzitsi?" Ndati, "Umauluka ndithu." Ndabwerera kunyumba ndikuseka ndekha ngati wamwa kachasu. Tomato ndamuiwala pabenchi.

Lachisanu, 28 Malichi

Zomwe ndaona: munthu ukapanda kumudula, amamaliza nkhani yake. Sindinkadziwa kuti nkhani za anthu zimatalika chonchi, ndipo zokoma zimakhala kumapeto.

Tikuchokera ku Njira ya Mtanda, T. anayamba za maliro aja, koma deti lake analakwitsa. Sindinamukonze. Ndiye anapitiriza: tsiku lomwe amama anatsirizika, njinga ya Olipa inaduka tcheni atangochoka ku Magodi, mvula ikugwa. Anaisiya m'munda mwa eni ake n'kuthamanga m'matope, nsapato m'manja.

Mphindi zanga makumi awiri zija. Ndinaziwerenga bwino, koma sindinafunse kuti zinathera kuti.

Loweruka, 29 Malichi

Ndamutumizira uthenga pafoni: "Monire Olipa. Nkhakubuda." Kutanthauza kuti ndinakulakwira, basi. Wawerenga. Zii.

Lachiwiri, 8 Epulo

Zii akupitirira. Foni ndaiyang'ana ka 14 lero. Inde, ndawerenga.

Lamulungu la Kanjedza, 13 Epulo

Olipa! WABWERA!

Pochokera ku Misa ndamupeza atakhala pakhonde, thumba la mtedza wauwisi pambali, njinga yomwe ija itatsamira mupapaya. Ndaima ndi kanjedza m'manja ngati chitsiru.

"Mwaonda, akulu. Temwani akuti mwaleka kususka ŵanthu. Nabwela kuzaona na maso, ati ni cozizwitsa kuposa ca ku Kana."

Taseka mpaka nkhuku kuthawa. Ndatereka madzi a mtedza, ndaiwala mchere, wathira yekha osandifunsa pomwe umakhala.

Tikusenda, wati, "Zaka zitatu, akulu." Ndi ziwiri ndi miyezi inayi. Ndati, "Zatalika."

Kenako wasiya kusenda, wandiyang'ana m'maso. "Pamene ninagwila dzanja la amama, linali lofunda."

Ndaganiza msanga, monga mwa chizolowezi. Thupi silizizira pa mphindi makumi awiri. Buku lililonse likutero, ndipo ine ndinalidziwa zimenezi tsiku lomwe lija.

"Linali lofunda," ndatero. "Ndinaligwiranso ine."

Wandikankhira mbale ya mtedza. Agona kuno mpaka Pasaka.