Malaya a Pansungwi Atembenuka

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tonse tadzuka, kupatula tambala amene analowa mumphika Lamulungu.

Munafunsa za kumunda. Musade nkhawa, ine sindinabzale ndi chizimalupsa. Mvula yoyamba ija itagwa, anthu onse anathamangira kumunda ndi mbewu. Mayi a kuseri kwathu anandiseka, amvekere, "Anzathu, mukudikira kalata yochokera kumwamba?" Ndinangoti, "Ndikudikira malaya." Lero chimanga chawo chapserera m'mizere, ndipo tikakumana pachitsime amayang'ana kumbali.

Malayawo ndi a achimwene anu, ofiira aja anawasiya pamsomali. Ndinawamangirira pansonga ya nsungwi kuseri kwa nkhokwe, monga ankachitira eni ake chaka chilichonse. Ankati mwera ukamawomba, mvula yake ndi yabodza. Uzidikira mphepo itembenuke, ichokere kumpoto, yofunda, yonunkhira dothi lonyowa. Miyezi isanu yonseyi malayawo akhala akuloza kumsewu umene eni ake anadzera pochoka.

Dzulo m'mawa ndinawapeza atatembenuka. Mitambo yaunjikana, nyerere zikusamutsa mazira, ndipo mbewu ndinasankha kale. Mawa ndikabzala ndi mapasa anga. Mizere ndinalima yonse, ngakhale ya kumunsi ija achimwene anu ankati mkazi sangaithe.

Mukakumana nawo m'tauni mwanumo, musawafunse zambiri. Zimene ndinamva ndazisunga mumtima. Mungowauza kuti malaya awo tsopano akuloza kunyumba. Nsalu yopanda makutu yamva kuti nyengo yakwana.

Ndine mlamu wanu,
Make mapasa