Timizere Tomwe Ndinawalembera Alamu

Umm Ghuwailina, Doha
14 Novembala 2016

Okondedwa achemwali anga Ashura,

Salamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Ntaja. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno thupi lili bwino, kutentha kwayamba kuchepa, koma mtima wokha suli m'malo. Kalatayi ndapatsira a Shaibu amene akukwera ndege mawa. Muiwerenge mutakhala pansi, chifukwa ndapalamula, ndipo amene ndawalakwira ndi amuna anu.

Paja mukudziwa kuti ndimayendetsa galimoto ya mzungu wa ku Amereka, bwana Brantley, ku Al Duhail. Lachisanu lililonse dzuwa likapepa, iwo ndi anzawo amasewera mpira wakwawo pabwalo la kampaundi. Achemwali, mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya, ndipo ntchito yaikulu ndi ya manja. Mmodzi amaponya, amamutcha kwotabaki. Ena amathamanga kukawakha, amenewo ndi marisiva. Kwotabaki wa timu yathu ndi bwana eni ake.

Pokumbukira kuti alamu a Cassim anali goloboyi kumudzi, ndinawatengera komweko. Tsiku loyamba lomwe azungu anagwira pakamwa, chifukwa munthu ankadumpha ndi kutsomphola mpira ndi dzanja limodzi. Bwana anawakonda mpaka kunena kuti pali kalabu ina ikufuna munthu wothandiza kuphunzitsa masewerawa, ntchito ya m'holo muli eyakoni yoziziritsa mpweya, ndipo adzawalembera kalata yowachitira umboni. Mukudziwa nokha mmene dzuwa la pageti pomwe amalondera lawathera alamu, maola khumi ndi awiri ali chiimire.

Koma anthu awa sakhulupirira maso awo, zonse ndi manambala. Bwana anandipatsa buku la madanga atatu: mpira wawakhidwa, woponya waponya molakwika, wowakha wagwetsa. Ine yanga inali yongoika kamzere pa danga loyenera. Anati akatha masabata asanu ndi atatu, kompyuta ndiyo idzanene amene ali katswiri.

Tsono apa ndi pomwe panagona nkhani. Bwana wanga ndi munthu wabwino, koma dzanja lawo ndi lokhota, tisabise. Mpira wina umadutsa m'mwamba moti ngakhale ngamira singaufikire, wina umagwera pansi munthu akadali kutali. Ulendo woyamba ndinayang'ana danga la woponya, cholembera chili m'manja, dzanja n'kukana. Ine Amidu dalaivala, ndilembe m'buku la bwana kuti bwana alakwitsa, iwo omwe anasaina viza yanga? Kwathu sitinaleredwe choncho. Ndiye kamzereko ndinkakakankhira kwa wowakha. Ndikakaika pa mzungu wina ankabwera kudzasuzumira ndi kundikalipira, choncho ndinati bola wachibale, iyeyo amvetsa. Mumtima ndinkati mafi mushkila, palibe vuto, si masewera chabe awa? Moti alamu ndinkawasenzetsa timizere sabata ndi sabata, iwo osadziwa kanthu.

Lachisanu lathali bwana anaika laputopu pa boneti ya galimoto, tonse titazungulira. Mayo ine! Kompyuta inati bwana amaponya molondola mipira isanu ndi itatu pa khumi iliyonse, ndi nambala wani pa makwotabaki onse. Itafika pa marisiva inati alamu anaponyeredwa mipira 52, n'kugwetsa 23, ndiwo otsirizira. Pa 23 imeneyo, yomwe anagwetsadi ndi inayi basi, ndikulumbira. Yotsalayo anaponya molakwika ndi bwana.

Bwananso anadabwa, anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Anati iwo ankayesa kuti Cassim ndiye woposa onse, koma maso amanama pomwe manambala alibe tsankho. Anapepesa alamu mwaulemu, n'kunena kuti kalata ija aipereka kwa mnzathu wina wa ku Philippines. Khalasi, nkhani yatha, m'mphindi zosakwana zisanu. Sindinaonepo tsogolo la munthu likusinthidwa ndi timizere ta cholembera, timizere take tolemba ine.

Ndinkayembekeza kuti alamu alusa, atsutsa, afuna kuona bukulo. Ndikanakonda akanatero. Koma ayi, akhulupirira! Akabwera ku shifiti amangokhala pabedi kutembenuza manja awo ndi kuwayang'ana. Loweruka anapita kukayezetsa maso, ati mwina ndi ukalamba wayamba, mpaka anaitanitsa magalasi. Dzulo tikudya m'mbale imodzi anandithokoza kuti ndinalemba zoona osakondera chibale, ndipo anati anthu otere ndi osowa masiku ano. Ine ndinasiya mpungawo, ndinanamizira tsabola n'kutuluka panja. Munthu amene anandiitanitsa kuno, kundipezera bedi ndi ntchito, akundithokoza pomupha.

Ndaganiza zokaulula kwa bwana Lachisanu likudzali, kalata ija isanapite. Sindikudziwa chimene chidzawawawe kwambiri, kuti ndinanama m'buku lawo kapena kuti kwotabaki wa nambala wani ndi wa bodza. Akhoza kuseka, akhozanso kundilanda makiyi n'kundikweza ndege. Zimenezo ndazivomera, inshallah ndilimba.

Chimene chikundikanika ndi kuwauza alamu. Ndayesa kawiri, koma ndalephera. Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Muwaimbire foni Lachinayi akaweruka, muwawerengere kalatayi yonse osadumpha mzere. Ndikufuna amve kwa inu ine ndisanakaime pamaso pa bwana, kuti ngakhale zitavuta kumeneko, iwo adziwe kuti manja awo ali bwinobwino. Akafuna kunditulutsa m'chipinda, sindidzawayankha.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze kaye. Moni kwa amalume a Aleke, azakhali a ku Nselema, ndi adzukulu awo onse a amayi. Mundikumbukire pa swala.

Muwauzenso alamu kuti magalasi amene anaitanitsa aja asakatenge. Maso awo alibe vuto, wodwala ndi mlamu wawo.

Ndine mlongo wanu wamanyazi,
Amidu